Kaikidwe ka Golide pa Chizindikiro Chojambulidwa pa Chikopa

Mwafunsa mmene ojambula a ku College of Arms ku London, ofesi yopereka zizindikiro zaulemu zojambulidwa pa chishango, yomwe inakhazikitsidwa mu 1484, amaikira golide wonyezimira pa zikalata zachikopa zopereka zizindikiro za mabanja. Ndondomeko yake ndi iyi:

1. Palani chikopa cha mwana wa ng'ombe ndi ufa wa pumice (mwala wopepuka wochokera ku chiphalaphala) kuti mafuta achoke, kenako lembani chishango ndi pensulo mopepuka.

2. Pakani gesso pamalo pofunika golide. Gesso ndi phala la pulasitala, white lead (ufa woyera wa mtovu), guluu wa nsomba ndi shuga pang'ono. Muziika ngati dontho lotukuka, musapake mopyapyala, chifukwa kutukukako ndiko kumachititsa golide kugwira kuwala. Lisiyeni liume usiku wonse.

3. Apa ndiye pagona luso. Pumirani mpweya wofunda pa gesso, shuga uja achite chinyezi, ndipo nthawi yomweyo gonekani kapepala ka golide n'kukanikiza. Mukachedwa pang'ono chabe, golide sagwira. Ine ndimakonda kubwereza kawiri kapena katatu, mpaka pasaoneke poyera.

4. Kwechani ndi mwala wosalala wa agate mpaka ang'anime.

5. Utoto ubwere pambuyo. Mukayamba ndi utoto, golide amamatirira pomwe simukufuna.

Posankha mitundu, lamulo la zizindikirozi ndi lakuti golide asakhale pamwamba pa siliva, ndipo wofiira asakhale pa wobiriwira. Siliva weniweni amada pakapita zaka, n'chifukwa chake ambiri amangogwiritsa ntchito utoto woyera.