Kupereka mpamba wa trasiti kwa mwana wosakwana zaka 18

Trasiti ndi chuma chimene anthu osankhidwa amayang'anira kuti chipindulitse munthu wina. Ngati ndinu woyang'anira trasiti, musanayambe, khalani ndi chikalata chokhazikitsa trasitiyo komanso mabuku osonyeza gawo la mwanayo.

1. Werengani chikalatacho. Kodi chikulola kukhudza mpamba, kapena phindu lokha? Ngati sichikunenapo kanthu, onani lamulo. Ku England, ndime 32 ya Trustee Act 1925 imalola kupereka mpaka theka la gawo la mwanayo, koma pa trasiti yopangidwa kuyambira 1 Okutobala 2014 mutha kupereka lonse.

2. Tsimikizani kuti wopindula ndi mwanayo, osati makolo ake.

3. Ngati alipo amene akudya phindu la chumacho panopa, avomereze polemba.

4. Oyang'anira nonse mugwirizane, mulembe chifukwa chake.

5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: musaike ndalama m'manja mwa mwana, chifukwa risiti yosainidwa ndi iye sidzakutetezani. Ngati ndi fizi, lipirani kusukulu komweko.

6. Lembani zomwe mwapereka, zidzachotsedwa pa gawo lake.