Momwe ndinawerengera nyenyezi pa senti ya 1817

Senti yamkuwa ya ku America ya chaka cha 1817, yayikulu ija yosulidwa ku Philadelphia, inandisowetsa tulo sabata yathunthu. Zambiri za chaka chimenechi zili ndi nyenyezi 13 kuzungulira mutu wa Liberty, mkazi wojambulidwa kumaso kwa sentiyo, koma chidindo chimodzi chinasemedwa ndi nyenyezi 15, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale amachitcha Newcomb 16. Yangayi litsiro linali litamata m'mphepete, moti powerenga ndinkapeza 13, mawa lake 14.

Kuyipukuta sindinayerekeze n'komwe. Mkuwa ukaupukuta umataya khungu lake lakale, mtengo n'kugwa. Ndinayiviika m'mafuta a mineral oil masiku anayi, kenako n'kumachotsa litsirolo pang'onopang'ono ndi munga wofewetsedwa m'madzi, osati singano.

Chomwe chinandithandiza kwenikweni ndi nyali. Poyamba ndinkaunikira kuchokera pamwamba, zonse n'kuoneka zosalala. Nditagoneka tochi pambali, kuwala kukudutsa chopingasa, nyenyezi iliyonse inaponya kamthunzi kake, ngakhale zija zoperepeseka. Ndinawerenga katatu: 13. Si 15, koma mtima unakhala pansi chifukwa tsopano ndikuyidziwa.

Pa muyeso wa Sheldon wa 1 mpaka 70, woonetsa momwe ndalama yakale yasungikira, zilembo za LIBERTY zikuwerengeka zonse ndipo tsitsi likuonekako, choncho ndinayiyika pa 12. Kuseri kuli timaenje tosiyidwa ndi dzimbiri, ndiye ndinatsitsa mpaka 8, n'kulemba manambala onse awiri pa kaenvulopu kake.