Chipsera chisamasamuke tsaya

Ngati mukulemba nkhani ya zigawo zambiri ndipo mwapanga mtengambali wanuwanu, mutsegulireni tsamba lake musanayambe gawo lachiwiri. Lembanipo zaka zake, dzanja limene amagwiritsa ntchito, tsaya limene lili ndi chipsera, chimene amaopa, ndi mawu amene sachoka pakamwa pake. Mawuwo musawapeputse, owerenga amamuzindikira nawo musanatchule n'komwe dzina.

Ojambula, mujambuleni chakumaso, cham'mbali ndi chakumbuyo, ndipo musunge manambala a hex (manambala ndi zilembo zimene kompyuta imazindikirira mtundu uliwonse) a mtundu wa khungu ndi tsitsi lake. Maso amanama.

Kuyang'ana tsamba limodzi n'kwachangu kusiyana ndi kufukula zigawo zonse zakale. Pofika gawo la 15 inu mumakhala mutaiwala, koma chipsera chikangochoka kumanzere n'kupita kumanja, owerenga akuuzani tsiku lomwelo.