Mmene mungawerengere mapu akale a ngalande ya Kra yomwe sinakumbidwe

Kum'mwera kwa Thailand kuli dera lopanikizika lotchedwa Kra, pomwe mtunda wolekanitsa nyanja ya Andaman ndi nyanja ya Thailand ndi makilomita pafupifupi 44 okha. Kuyambira mu 1677, pamene mfumu ya dzikolo, Narai, inapempha katswiri wa ku France kuti aone ngati n'zotheka kudula dzikolo ndi ngalande, anthu akhala akujambula njira zoti sitima zapamadzi zizidutsa m'malo mokazungulira ku Malacca ndi Singapore. Ngalandeyo sinakumbidwe mpaka lero, choncho mapu amenewa amasonyeza zinthu ziwiri papepala limodzi, dziko lenileni ndi zofuna za wojambula, ndipo ntchito ya wowerenga ndi kuzilekanitsa.

Musanatambasule mapuwo, sambani m'manja ndi kupukuta bwino, kenako muwayale patebulo louma. Ambiri mwa mapuwa ankapindidwa n'kumatidwa kumapeto kwa malipoti, motero m'mikwingwirima mopindidwamo ndi momwe pepala limang'ambika msanga. Pong'ambika musamatepo selotepi, chifukwa guluu wake amasiya banga lofiirira losachoka. Yang'anani mitundu ndi galasi lokuza zinthu: mukaona timadontho tandondomeko, dziwani kuti ndi kope losindikizidwa masiku ano.

Kenako fufuzani nthawi ndi mwini mapuwo. Dzina loti Siam likusonyezani kuti ndi a nthawi yomwe dzikolo linali lisanatchedwe Thailand, dzina lomwe linayamba mu 1939 (ngakhale dzina la Siam linabwereranso kwa zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha), ndipo tsidya lina la mtsinje wa Pakchan, womwe uli m'malire kumadzulo kwa Kra, mudzapeza Burma (lero Myanmar) wolamulidwa ndi Britain. Samalani ndi miyezo, pakuti Angelezi ankalemba mamailosi ndi mafiti pomwe Afalansa ankalemba mamita, ndiponso mapu a Afalansa nthawi zambiri ankawerenga malo kuyambira ku Paris osati ku Greenwich ku London, kusiyana komwe ndi madigiri awiri ndi pang'ono.

Chimene ine ndimachiona chofunika koposa sichili pa mzere wofiira kapena wodukaduka wosonyeza njira ya ngalande, womwe umakopa maso msanga. Chili m'mphepete kapena m'munsi mwa pepala, pa kachithunzi koonetsa dziko ngati lodulidwa pakati, kukwera ndi kutsika kwake kuchokera kunyanja ina kukafika ina. Ikani chala pa mtsinje wa Pakchan, mutsatire mzerewo kulowera ku Chumphon, tauni ya kumbali ya nyanja ya Thailand, ndipo pomwe mitsinje yathera kumbali zonse ziwiri mufunefune nambala ya msinkhu wa phiri. Pa Kra malo otsika kwambiri a mtandadza wa mapiri ali pafupifupi mamita 75 pamwamba pa nyanja, ndipo ngalande yopanda zipata zokwezera sitima ikanayenera kukumbidwa mozama kuposa pamenepo. Ngati mapu alibe kachithunzi kameneka, kapena nambala za msinkhu n'zotalikirana kwambiri, kaikirani ngati wojambulayo anapondadi m'nkhalangomo. Onaninso tinambala ta m'nyanja pa mathiriro a mitsinje, chifukwa ngalande yothera pamadzi osaya siithandiza sitima yaikulu.

N'chifukwa chake ndi bwino kuika mapu awiri pambalimbali. A m'zaka za m'ma 1880 anajambulidwa anthu akadali ndi chimwemwe cha ngalande ya Suez, yomwe inatsegulidwa mu 1869, ndipo nayenso Ferdinand de Lesseps, Mfalansa amene anatsogolera ntchito ya Suez, anachita chidwi ndi Kra. Koma A. J. Loftus, Mngelezi wogwira ntchito m'boma la Siam amene anayenda ndi gulu la Afalansa loyeza malowo mu 1883, anabwerako wosakhulupirira kuti ntchitoyo ingatheke.

Pomaliza werengani zomwe mapu sanena poyera. Britain sinkafuna njira yolanda malonda a Singapore, ndipo m'pangano la 1946 Siam inavomera kusakumba ngalande pa Kra popanda chilolezo cha Britain. Mukamasunga mapu anu, lembani ndi pensulo papepala lapadera chaka, dziko la wojambula ndi msinkhu wa phiri womwe iye anapereka, ndipo muwagoneke chafulati m'foda, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi.