Momwe mungakonzekeretsere mwana kulemba pogwiritsa ntchito zolembera za madontho

Mwana wa zaka zitatu kapena zinayi mukamupatsa pensulo nthawi zina amaigwira ndi chikhatho chonse, chifukwa tizala take sitinakhwime. Kumukakamiza kulemba zilembo pa msinkhu umenewu kumangomugwetsa ulesi. Zolembera za madontho, zomwe m'masitolo amazilemba kuti dot markers, zimathandiza pamenepa. Ndi timabotolo ta inki tokhala ndi kasiponji kunsonga, ndipo mwana akangodinda papepala, kadontho kozungulira kamatsala pomwepo.

Choyamba, pezani zolemberazo. Funsani m'masitolo ogulitsa zipangizo za sukulu ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, ndipo sankhani za inki yosavuta kuchapa. Zikasowa kapena zikakwera mtengo, pangani nokha. Tsukani kabotolo kakang'ono ka pulasitiki, boolani chitsekerero, lowetsani kachidutswa ka siponji mothinitsa, kenako thirani madzi osakaniza ndi kala ija amathira m'mafilizesi. Madzi asachuluke, apo ayi pepala linyowa n'kung'ambika. Ngakhale thonje lopanidwa ndi pegi yoyanikira zovala limadinda bwino mukaliviika m'kambale.

Yalani nyuzipepala zakale pamkeka ndipo mwanayo muvekeni malaya otha, chifukwa kala imakanirira pansalu.

Tsiku loyamba musamupatse ntchito iliyonse. Mulekeni adinde pomwe akufuna, aone yekha kuti akakanikiza kwambiri inki imatayikira. Apa ndi pomwe makolo ambiri timalakwitsa: timafuna kuona "a" wowongoka lero lomwe, mpaka kumugwira dzanja. Ayi ndithu, dzanjalo liphunzire lokha.

Akazolowera, jambulani timizere tozungulira ndi chitsekerero cha botolo, iye azidinda mkati mwake. Izi zimaphunzitsa diso ndi dzanja kuyendera limodzi. Kenako lembani chilembo chachikulu ngati chikhatho chanu, adinde motsatira mzere, kuyambira pomwe chilembocho chimayambira polemba. Yambani ndi a, e, i, o, u, ndipo aliyense mwa inu azitchula liwulo podinda. Chilembo chimodzi patsiku chakwana. Pambuyo pake bweretsani chilembo choyamba cha dzina lake, chifukwa chimenecho ana amachikonda kuposa zonse. Amene wayandikira zaka 6, msinkhu woyambira Sitandade 1, mulembereni maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu mobalalitsa papepala, inu muzitchula, iye azisaka n'kudinda.

Masamu nawo sasowa. Lembani 3, adinde madontho atatu pambali pake akuwerenga mokweza. Jambulani mtengo wa mango wopanda zipatso, mumuuze kuti aikemo mango asanu. Mukhozanso kuyamba mndandanda wa kofiira, kobiriwira, kofiira, kobiriwira, iye apitirize.

Pophunzira mitundu, mbendera yathu ndi yabwino zedi: chakuda pamwamba, chofiira pakati, chobiriwira pansi, ndi dzuwa lofiira lotuluka pachakudapo. Dzuwalo adinde papepala lina, mulidule n'kulimata, chifukwa inki yofiira sioneka pa yakuda.

Alezi a kumkombaphala, kaya ku Kawale kaya ku Area 25, mapepala akamachepa gwiritsani ntchito makatoni ong'ambula kapena kuseri kwa makalendala akale. Mphindi khumi n'zokwanira, ndipo mwana akayamba kudinda pamwendo pake dziwani kuti watopa. Zitsekerero muzisunga inuyo kuti wamng'ono asaziike m'kamwa. Mukamaliza tsekani mabotolo mwamphamvu kuti siponji isaume.