Kalabu ya zachilengedwe pa yunivesite: yambani ndi sikelo, khasu libwere pambuyo

Pafupifupi kalabu iliyonse ya zachilengedwe imene idandiitanapo imafuna kuyamba ndi kudzala mitengo. Pamakhala matisheti, mlendo wolemekezeka agwira fosholo, zithunzi n'kufika pa Facebook tsiku lomwelo. Pa yunivesite ina ndidabwererako patapita miyezi ingapo. M'mbali mwa msewu wopita ku mahositelo mudali tizikwangwani ta maina a odzala, koma mbandezo zidali zitauma kalekale. Nditafukula imodzi, ndidapeza chubu chakuda chija chikadalipo, mizu itazungulirazungulira mkatimo ngati chingwe. Odzalawo sadali aulesi ayi. Adadzala mayeso atatsala pang'ono, atamaliza kulemba onse adanyamuka ulendo wa kutchuthi, kheni wothirira osamusiyira aliyense.

N'chifukwa chake ndimati mwezi woyamba musadzale kanthu. Yezani kaye.

Pitani kwa oyang'anira kafeteriya mukapemphe kuti kwa masiku 5 muzilandira zinyalala zawo zisanatayidwe. Zofunika n'zochepa: magolovesi, ndowa zinayi, sikelo yopachika ndi kope. Ndowa ina ikhale ya zotsala m'mbale, ina ya zosenda ndi makoko a kukhitchini, ina ya mapepala ndi makatoni, yomaliza ya mabotolo a pulasitiki. Mabotolowo muziwatembenuza, pansi pake pali nambala yozunguliridwa ndi timivi titatu. Olembedwa 1 ndi a PET, olembedwa 2 ndi a HDPE, ndipo mitundu iwiriyi ndi imene okonzanso pulasitiki amakonda kulandira. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, lidalengeza mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cholimidwa padziko lonse limawonongeka kapena kutayidwa, matani pafupifupi 1.3 biliyoni pa chaka. Nambala imeneyi ndi yabwino pa chikwangwani, koma mkulu wa khitchini siyimugwedeza. Chimene chimamugwedeza ndi kope lanu losonyeza makilogalamu amene adataya iye mwini Lachitatu masana.

Madzi nawonso ayezeni. Pampopi wodontha tchererani kapu kwa mphindi 10, muone madzi amene yalandira, muwerengetsere a tsiku lonse. Dontho limodzi pa sekondi iliyonse limafika malita pafupifupi 30 pa tsiku, kupitirira malita 10,000 pa chaka, mpopi umodzi wokha. Koma wakuba wamkulu nthawi zambiri ndi thanki ya chimbudzi, chifukwa imataya mwakachetechete. Thirani madontho a utoto wa chakudya m'thankimo, musatsitse madzi, mudikire mphindi 15. Utoto ukaonekera m'mbale ya chimbudzi, ndiye kuti labala yotseka madzi m'thankimo yatha. Ngati hositelo ili ndi mita yakeyake, iwerengeni usiku anthu atagona ndiponso m'bandakucha asanadzuke. Ikakhala kuti yayenda kwambiri, penapake paipi ikutaya.

Pepala limodzi la manambala otere limatsegula zitseko zimene chionetsero sichingatsegule, poti mwawalozera akuluakulu pamene pakudontha ndalama zawo. Mufunsenso ngati yunivesite yanu idasaina Talloires Declaration, chikalata chimene atsogoleri a mayunivesite 22 adayamba kusaina mu 1990 ku Talloires m'dziko la France, cholonjeza kusamalira chilengedwe m'maphunziro ndi m'kayendetsedwe ka sukulu. Ngati idasaina, mukhala mukungowakumbutsa mawu awo omwe.

Ntchito yoyamba ya manja imene ndimalimbikitsa ndi kompositi, chifukwa zipangizo zake zilipo tsiku lililonse ndipo zotsatira zake zimaoneka simesita isanathe. Zotsala za chakudya zikakwiriridwa kumtaya zimawola popanda mpweya, n'kumatulutsa mpweya wa methane, umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide pafupifupi ka 28. Mulu wopumira bwino umachepetsa kwambiri vuto limeneli, ndipo pamapeto pake mumatuta manyowa.

Sankhani malo a mthunzi, kufupi ndi mpopi koma kutali pang'ono ndi mawindo a ogona. Pansi yalani timitengo kapena nthambi zouma kuti mpweya uzilowera kunsi. Pamwamba pake ikani zouma, monga masamba ogwa, udzu wouma ndi makatoni ong'ambang'amba, kenaka zaziwisi, zomwe ndi zosenda zija ndi udzu wongotchetcha kumene, n'kuwazapo dothi pang'ono. Bwerezani chomwecho mpaka mulu ufike mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kutalika kwake. Wocheperapo sutentha. Akatswiri amati carbon achuluke ka 30 kuposa nitrogen, koma inu ingokumbukirani ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma pa ndowa imodzi ya zaziwisi. Nyama, mafupa ndi mafuta ophikira musaikemo. Zimaitana makoswe ndi agalu, ndipo tsiku limene wina adzaone khoswe akuchokera pamulu wanu ndi tsiku limene akuluakulu adzakuletseni ntchito yonse.

Mulu umayankhula wokha, bola kuumvetsera. Tapani pang'ono mufinye m'manja. Madzi akamachucha ndiye kuti wanyowetsa, zikamayoyoka ngati fumbi wauma, koma zikagwirana n'kutulutsa dontho limodzi kapena awiri, uli bwino. Pakati pa mulu zikani ndodo. Pakapita masiku atatu kapena anayi izuleni muigwire: iyenera kukhala yotentha ndi yachinyezi. Ngati a dipatimenti ya sayansi angakubwerekeni choyezera kutentha, mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene kumapha tizilombo toyambitsa matenda ndi njere zambiri za udzu. Fungo longa la mkodzo likutanthauza kuti zaziwisi zachuluka, onjezerani zouma. Fungo la mazira ovunda likutanthauza kuti mpweya sukulowa, tembenuzani. Muzitembenuza pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, za m'mbali zipite pakati. Mukasamala chonchi, pa miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza manyowa akuda, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango, osadziwikanso kuti chidali chiyani.

Masamba oumawo mudzawapeza kwa anthu amene amasesa ndi kutchetcha pasukulupo. Pa masukulu ambiri amangowatentha, nthawi zina pamodzi ndi mapulasitiki, utsi wake n'kumalowa m'makalasi. Musapite kwa iwo ngati aphunzitsi okawadzudzula. Akhalapo nthawi yaitali kuposa inu, amadziwa pamene pamadikha madzi, pamene pali chiswe, ndi pamene padafera mitengo ya kalabu ya anzanu amene adamaliza kale. Apatseni ulemu, muwafunse nzeru, ndipo manyowa oyamba akapsa agawireniko.

Manyowa akapezeka, tsopano tikambe za mitengo. Chiwerengero cha mbande chichokere pa chiwerengero cha othirira, osati pa kukula kwa malo. Gulu la Green Belt Movement la Wangari Maathai, amene adali mphunzitsi pa University of Nairobi ndipo adalandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2004, lidayamba ndi mitengo 7 yokha pa 5 June 1977, tsiku la zachilengedwe padziko lonse. Pambuyo pake amayi a m'gululo ankalandira kangachepe potengera mbande zimene zapulumuka, osati zimene zangodzalidwa. Inunso muziwerenga choncho. Pakatha chaka bwererani ndi kope lija, muwerenge yamoyo, ndipo nambala imeneyo ndi imene muziilengeza.

Musanakumbe, funsani a zomangamanga kuti mapaipi ndi mawaya a pansi adutsa pati. Bulugamu ndi mitengo ina ya mizu yolusa isayandikire nyumba kapena mapaipi a zonyansa. Ngati pali mitengo yachilengedwe ya m'dera lomwelo, yambani ndi imeneyo. Dzenje la mtengo wazipatso kapena wamthunzi likhale masentimita 60 mbali zonse. Dothi lapamwamba muunjike padera, mulisakanize ndi kompositi, libwerere koyamba m'dzenjemo. Chubu ching'ambeni ndi kuchichotsa, dothi la kumizu osalimwaza. Mbande ilowe kulekeza pamene idalekezera m'chubu, mutsendere, mukonze kabeseni kosunga madzi, n'kuphimbira ndi udzu. Udzuwo usakhudze tsinde, apo ayi mwaitana chiswe ndi kuwola. Dzalani mvula ikangokhazikika, koma muyang'anenso kalendala ya sukulu.

Kalendala imeneyi anthu amaipeputsa. Amene adakonza tsiku loyamba la Earth Day, lolimbikitsa kusamalira chilengedwe, ku United States, Senator Gaylord Nelson ndi Denis Hayes amene panthawiyo adali wophunzira pa yunivesite ya Harvard, adasankha 22 April 1970 dala, chifukwa lidali pakati pa tchuthi ndi mayeso omaliza, nthawi imene ophunzira ali pasukulu ndipo mitu yawo ili pamalo. Anthu pafupifupi 20 miliyoni adatengapo mbali. Inunso tengani kalendala yanu, mudule masabata a mayeso ndi a tchuthi, muone amene atsala. Misonkhano yodziwitsa anthu, kaya ya pa 22 April kaya ya pa 5 June, ilowe m'masabata amenewo. Za zikwangwani sindichulukitsa mawu: “Tisamale chilengedwe” palibe amene amawerenga, koma pepala lomatidwa pampopi lonena malita amene mpopiwo wataya sabata ino limaimitsa munthu.

Chimene chimapha makalabu ambiri si kusowa kwa ndalama. Wophunzira amakhala pa yunivesite zaka zitatu kapena zinayi, ndipo wapampando nthawi zambiri amakhala wa chaka chomaliza. Akangovala mkanjo, amapita ndi zonse: kope, kiyi wa kosungira zipangizo, pasiwedi ya tsamba la kalabu, ngakhalenso ubale umene adaumanga ndi a kukhitchini. Obwera kumene amayambiranso pachiyambi, ndipo mwadziwa kale poyambira pake, matisheti ndi mlendo wolemekezeka. Choncho wachiwiri kwa wapampando azikhala wa chaka chachiwiri, ndipo ntchito iliyonse izigwiridwa ndi anthu awiri, wakale ndi watsopano. Pezaninso mphunzitsi mmodzi woti azisunga kope lachiwiri la manambala anu mu ofesi yake.

Kukatsala masabata awiri kuti sukulu itseke, khalani pansi mulembe maina a amene atsale, kaya ndi ochita kafukufuku kaya okhala pafupi, ndi masiku amene aliyense azithirira. Mulu wa kompositi muutembenuze komaliza, muuthirire, muufunditse ndi udzu kapena makatoni. Akasowa wotsala, kambiranani ndi osamalira pamalo aja nthawi ikadalipo, muwaonetse mtengo uliwonse, ndipo kheni ndi kiyi muwapatse pamanja.