Mmene Mungaphunzitsire za Nyukiliyasi ndi Makina Opangira Mapuloteni

Ophunzira ambiri a kusekondale kuno ku Zomba amaloweza kuti nyukiliyasi ndiyo imalamulira selo ndiponso kuti maraibosomu ndiwo amapanga mapuloteni, koma mukawafunsa kumene maraibosomuwo amachokera, m'kalasi mumangoti zii. Ena amayankha molimba mtima kuti mapuloteni amapangidwira m'nyukiliyasi momwemo. Pamene pagona chisokonezo ndi apa: makina opangira mapuloteni amamangidwira mkati mwa nyukiliyasi, koma ntchito yawo amakaigwirira kunja. Inu aphunzitsi anzanga, njira yotsatirayi imathandiza kuti mwana aione mfundoyi ndi maso ndi kuigwira ndi manja asanakumane ndi mayeso a MANEB.

Yambani ndi anyezi, ndipo mmodzi yekha wogula mumsika wa Zomba amakwanira kalasi yonse. Sendani kakhungu kopyapyala ka mkati mwa gawo limodzi, kayaleni pa kagalasi ka maikulosikopu kakhunguko kasanapindike, donthezerani dontho limodzi la ayodini, kenaka vundikirani ndi kagalasi kena motsitsa pang'onopang'ono kuti mpweya usatsekeredwe. Pa mphamvu yochepa ana adzaona maselo atandandalika ngati njerwa za pakhoma, lililonse lili ndi kadontho kachikasu koderako. Imeneyo ndiyo nyukiliyasi, dzina lomwe Robert Brown anapereka mu 1831 pamene ankafufuza maluwa a orchid, mtundu womwe umameranso pa phiri lathu la Zomba.

Apa musafulumire. Kwezani mphamvu kufika pokuza ka 400, chepetsani kuwala pang'ono, ndipo muuze mwana aliyense kuti ayang'anitsitse mkati mwa kadontho kaja. M'maselo ena adzapeza timadontho tina ting'onoting'ono, kamodzi kapena tiwiri. Kameneko ndi nyukiliyolasi, ndipo ndimo m'chipala momwe maraibosomu amasulidwira. Maraibosomu enieniwo sadzawaona, chifukwa ndi aang'ono kwambiri, moti George Palade anawalongosola mu 1955 pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya maelekitironi.

Ana atajambula zomwe aona, afotokozereni zochitika m'chipalamo. Raibosomu imamangidwa ndi zinthu ziwiri, zomwe ndi RNA (chingwe cha zilembo chokoperedwa kuchokera ku DNA) ya mtundu wa rRNA komanso mapuloteni pafupifupi 80. Mbali yaikulu ya rRNA imakoperedwa m'nyukiliyolasi kuchokera ku DNA, ndipo mwa munthu malangizo ake ali pa makromozomu 13, 14, 15, 21 ndi 22. Mapuloteni 80 aja amapangidwira kunja ndi maraibosomu akale, n'kulowa kudzera m'timabowo ta pachikuta cha nyukiliyasi kuti akalumikizidwe ndi rRNA. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndiyo yokoma kuposa zonse m'phunziroli, kuti raibosomu yakale imapanga zipangizo zomangira yatsopano, ndipo ana akaimvetsa saiiwala. Chotuluka m'nyukiliyasi si raibosomu yathunthu ayi, koma zigawo ziwiri, chaching'ono chotchedwa 40S ndi chachikulu chotchedwa 60S, chilichonse pachokhapachokha.

Tsopano atulutseni ana m'mipando kuti asewere ulendowu. Chipinda chophunzirira chikhale nyukiliyasi, bwalo lapanja likhale cytoplasm, yomwe ndi mbali ya selo ya kunja kwa nyukiliyasi, ndipo khomo likhale kabowo kodutsira. Bolodi likhale DNA, popeza silichoka m'chipindamo. Mwana mmodzi akopere uthenga wa pabolodi pa pepala lalitali, pokumbukira kuti pamene DNA ili ndi T, RNA imakhala ndi U. Mwana wina adule ndi sizasi zigawo zomwe mwazilemberatu mzere, zoimira ma intron, omwe ndi zigawo za uthenga zosafunika popanga puloteni, n'kumata zotsalazo asanatuluke nalo pepalalo, lomwe tsopano ndi mRNA, RNA yonyamula uthenga kupita nawo ku raibosomu. Pakona ina ya chipinda, yomwe ndi nyukiliyolasi, paikidwe poto ndi chivundikiro chake, zoimira zigawo ziwiri zija za raibosomu. Ana awiri atuluke nazo mosiyana, ndipo aloledwe kuvundikira potoyo pokhapokha pepala lija litalowa pakati pake panja.

Panjapo mukhale mutakonza zitsekerero za mabotolo zamitundumitundu zoboola ndi msomali, zoimira ma amino acid, tizigawo tomwe timalumikizidwa kuti tipange puloteni. M'thupi alipo 20, koma asanu okha akukwanira pa sewero. Uthenga uwerengedwe zilembo zitatuzitatu kuyambira pa AUG, ndipo ana oimira tRNA, RNA yonyamula ma amino acid, azibweretsa chitsekerero choyenera kuti chitungidwe pa ulusi mpaka atafika pa UAA, UAG kapena UGA, pamene ntchito imaima. Ulusi wotungidwawo ndiwo puloteni. Afunseni kuti wapangidwira kuti, ndipo adzaloza pabwalo, osati m'chipinda.

Sewerolo libwerezedwe mutasintha chilembo chimodzi pabolodi, kuti GAG ikhale GTG. Kusintha komweku ndi kumene kumayambitsa matenda a sickle cell, pamene amino acid yotchedwa valine imalowa m'malo mwa ina yotchedwa glutamic acid pamalo achisanu ndi chimodzi a chingwe china cha hemoglobin, puloteni ya m'maselo ofiira amagazi. Ana adzaona okha kuti poto sanalakwitse kanthu, wangotsatira uthenga womwe unachokera m'chipinda. Nkhaniyi muikambe mosamala ndi mwaulemu, chifukwa mwina m'kalasimo muli mwana amene akudwala matendawa kapena amene ali ndi mbale wake wodwala.

Wophunzira wakuthwa mutu angathe kufunsa ngati palibiretu puloteni yopangidwira m'nyukiliyasi, ndipo funso lotere musalikankhire kumbali. Mu 2001 akatswiri atatu, Iborra, Jackson ndi Cook, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mwina kagawo kena ka ntchitoyi kamachitikira m'nyukiliyasi, koma anzawo ena anatsutsa, ndipo mfundo yomwe ikuphunzitsidwabe ndi yakuti mapuloteni amapangidwira kunja. Muuzeni kuti pa mayeso alembe mfundo yokhazikikayo.

Ntchito yokachita kunyumba ikhale yojambula selo limodzi lokhala ndi mivi itatu yodutsa pachikuta cha nyukiliyasi: wa mapuloteni olowa kukamanga raibosomu, wa zigawo ziwiri zotuluka, ndi wa mRNA. Pansi pake mwana ayankhe chifukwa chimene selo lofiira lamagazi a munthu lokhwima, lomwe lilibe nyukiliyasi kapena maraibosomu, limakhala masiku pafupifupi 120 okha.